A Waya ndi Mipando ya Zipsera

Khonsolo ya mzinda, itakhala pansi ndi kulingalira mozama, inalengeza kuti kuyambira mwezi wa mawa mpando uliwonse wokhalapo mlendo pa msonkhano, ukwati kapena chionetsero uzikhala wopanda chipsera. Inatinso zochitika zoterezi ndiye tsogolo la chuma, ndipo zibweretsa ntchito zankhaninkhani.

Uthengawu unawapeza a Waya atapanira mpando m'miyendo kuseri kwa holo ya khonsolo. Dzinali analitengera ku ntchito yawo. Mpando wa pulasitiki ukang'aluka, iwo ankawotcha msomali pambaula, kuboola uku ndi uku, n'kusoka mng'aluwo ndi waya, mfundo n'kuzibisa kunsi kuti zisakole diresi ya munthu. Ana awo anaphunzira sukulu chifukwa cha alendo onenepa ndi aja ovina pamwamba pa mipando. Misonkhano ndi maukwati zitachuluka, a Waya anayamba kuyenda ngati munthu woti ali ndi mawa.

"Alamu, mwamva?" anatero mlonda wa paholopo, mchimwene wa akazi awo. "Odwala anu aja akuti asamagonekedwenso m'chipatala. Akangothyoka, kumanda."

"Nanga si amavekedwa nsalu zoyera? Chipsera achiona ndani?"

"Akuti alendo akunja amasuzumira kunsi."

"Munthu kukwera ndege kudzasuzumira kunsi kwa mpando?"

"Ine ndine wapageti, alamu. Kafunseni a mataye."

Anapitadi. Kalaliki anawalandira bwino, n'kuwauza kuti nkhani yawo ikakambidwa pa msonkhano wokambirana za tsogolo la misonkhano, kumene olowa ndi oitanidwa okha. Kunyumba akazi awo anangofunsa ngati msomali wamotowo ungasokenso china. A Waya anatchula mabeseni ndi zidebe, koma mawu anatuluka ofooka. Pa beseni savinapo munthu.

Lolemba bwana wa holo anawaitanitsa, nawauza kuti ntchito zolonjezedwa zija zayamba, ndipo woyamba kulembedwa ndi iwo. Pankafunika munthu woti avundukule nsalu ndi kupatula mipando yonse yosokedwa kuti ikwere lole. A Waya anavula chipewa, nathokoza. Kuvundukulako sikunafunike n'komwe. Ankangopisa dzanja kunsi, chala n'kukumana ndi mfundo yawo yomwe.

Ntchitoyo inatha isanakwane nthawi ya nkhomaliro.