Mabotolo a Alamu Anga

Alamu anga, mng'ono wake wa mkazi wanga, anayamba ntchito asanakwanitse zaka makumi awiri. Inali yokolopa m'wodi ya ana pachipatala china, ndipo anakolopamo mpaka imvi zoyamba zitatuluka. Zonyansa sankaziopa. Mwamuna wawo atamwalira, ndine ndinawapezera ntchito yopepukirapo m'kafukufuku amene ndinkayang'anira. Ndinenso ndinawachotsa.

Kafukufukuyo anali wa tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'matumbo a munthu aliyense. Akuluakulu ankafuna kudziwa ngati tizilombo ta amuna odwala shuga timasiyana ndi ta amuna opanda shuga. Njira yake inali kuyeza chimbudzi. Wotolera ankasiya kabotolo kokhala ndi nambala pakhomo masana, m'mawa n'kukatenga, n'kuika m'bokosi la ayezi, n'kufika nako kulabu, kumalo oyezera, maola anayi asanakwane. Zotsatira zinkalowa m'nkhokwe yaikulu ya pakompyuta, mmene akatswiri a mayiko ambiri amatapa akafuna kuona kuti kachilombo kakuti kamayenda ndi nthenda iti. M'nkhokwemo mulibe mayina. Muli nambala, zaka, mwamuna kapena mkazi, ndi nthenda. Cholowa mmenemo, wowerenga amachikhulupirira, poti alibe wom'funsa.

Otolera anali asanu, onse amayi. Ana a m'njira akaona alamu ndi bokosi lawo ankakuwa kuti, "Mayi Kabotolo." Iwo sankakwiya. Ankangoti, "Ukawauze abambo ako asathawe, ndikubwera."

Mwezi woyamba ankabweretsa mabotolo khumi ndi awiri patsiku ngati anzawo. Kenako tsiku lina anafika panyumba pa telala wina wodwala shuga. Mkazi wa telalayo, amene anali woyembekezera, anatuluka ndi kabotolo kokulunga bwinobwino m'pepala.

"Abambo alipo?" anafunsa alamu.

"Anapita kumaliro kwawo. Lero ndi tsiku lachitatu."

"Nanga ichi chafika bwanji? Achita kutumiza pa basi?"

Mkaziyo anaseka atagwira pakamwa. "Ndi changa, mayi. Aja kabotolo sangakagwire n'komwe, akuti iwo si mwana wa kusikelo. Ndiye ndinati musabwerere chimanjamanja. Timadya mphika umodzi, chisiyana pati?"

Sabata imeneyo alamu anafunsa khomo ndi khomo. Amayi sankabisa, chifukwa sankaona cholakwa. Amuna ankalawirira kuntchito, kabotolo n'kutsala pawindo, ndipo mkazi wachifundo ankakadzaza yekha kapena kudzazitsa mwana.

Lachisanu analowa mu ofesi mwanga osagogoda.

"Alamu, mabotolo a amunawa, ambiri ndi a akazi awo. Ena ndi a ana."

"Mwaona ndi maso anu?"

"Mukufuna ndizikalowa nawo?"

"Nambala ya pabotolo ikagwirizana ndi ya pafomu, ntchito yathu yathera pomwepo."

"Ndiye mulembe kuti telala uja ali ndi pakati, poti botolo lake likutero."

Ndinaseka, n'kuwauza kuti atseke chitseko akamatuluka. Ndinadziwa pomwepo kuti akunena zoona. Koma akuluakulu ankafuna mabotolo zikwi khumi ndi zisanu chaka chisanathe, ndipo tinali m'mbuyo. Kuulula kukanatanthauza kutaya za mwezi wonse ndi kuvomera kuti njira yosiya mabotolo pakhomo, imene ndinaiganiza ndine, inali yobooka. Nkhaniyo ndinaibisa.

Alamu anasintha kagwiridwe kawo osapempha chilolezo. Ankafika pakhomo mwamuna asanatuluke, n'kukhala pakhonde, bokosi lili pamiyendo. Kabotolo ankalandira kokha kochokera m'manja mwa mwini wake, ndipo ankakagwira kaye kuti amve ngati n'kofunda. Amuna ena ankawatukwana. Ena ankatulukira kuseri kwa nyumba. Mlonda wina wa pasukulu anawazemba kopitirira sabata, mpaka anatopa yekha.

"Mayi inu mulibe manyazi?" anatero powapatsa kabotolo, nkhope atayang'ana kumbali.

"Ndinawasiya m'wodi ya ana, achimwene. Zikomo, mwagwira ntchito."

Mwa njira imeneyi ankabwera ndi mabotolo anayi, tsiku labwino asanu. Anzawo ankabwerabe ndi khumi ndi awiri, ndipo pofika teni koloko anali ataweruka. Pa lipoti la miyezi isanu ndi umodzi, pa dzina la alamu ndinalemba mawu amodzi: wochedwa. Ntchito yawo inathera pomwepo.

Mkazi wanga sanandilankhulitse mwezi wathunthu. Alamu sanadandaule kwa wina aliyense. Anapeza benchi mumsika n'kuyamba kugulitsa zovala zakaunjika. Tikakumana pa zochitika za pabanja ankandipatsa moni mwaulemu, koma nthabwala zachilamu zinatha. Mabotolo zikwi khumi ndi zisanu anakwana pa nthawi yake, ndipo ine ndinalandira kalata yondiyamikira.

Panapita zaka zisanu ndi zitatu. Nditapuma ntchito, kunyumba kwanga kunabwera kalaliki amene ankalowetsa zotsatira zathu m'kompyuta. Tsopano ndi bwana. Anatsegula laputopu patebulo, akumwetulira.

"Madala, ntchito yanu ija yapita patali. Taonani."

Anandionetsa mndandanda wa akatswiri amene anatapa nambala zathu. Gulu lina linapeza kachilombo kamene akuti kamachuluka mwa amuna a shuga a dera lathu, ndipo linkakonza zoyesa mankhwala pa odwala enieni potsatira zimenezo.

"Odwala angati?" ndinafunsa.

"Akuti ayamba ndi mazana awiri. Bwanji, madala, simukukondwa?"

Kalata yopita kwa osunga nkhokwe inanditengera masabata atatu. Ndinalemba zonse: za telala, za mawu a alamu, ndi kuti ndinadziwa koma ndinabisa. Pomaliza ndinapempha chinthu chimodzi. Ndinati mabotolo a wotolera wachitatu, amene anali alamu anga, kuyambira mwezi wachiwiri, ndi oona, asawakhudze.

Yankho linabwera laulemu. Anati m'nkhokwe mulibe chosonyeza kuti botolo lakuti anatolera ndani. Ndinapita kukaona fomu yakale. Danga la wotolera ndinalichotsa ndine, kuti fomu ikwane tsamba limodzi. Popeza sakanatha kusiyanitsa oona ndi abodza, anafufuta onse.

Ndinapita kumsika ndekha. Ndinawapeza alamu atakhala pampando wapulasitiki, mwendo umodzi atausanjika pa thumba la zovala chifukwa bondo linali litatupa. Ndinawafotokozera chiimire, osakometsera.

"Ndiye mankhwala aja sayesanso?"

"Aimitsa kaye."

"Bola pamenepo." Anatenga malaya n'kuyamba kupinda. "Mabotolowo afufuta onse?"

"Onse."

"Ndi a mlonda wa pasukulu omwe?"

"Ndi amenewo."

Anapinda malaya aja mpaka kumaliza, n'kutenga ena.

"Mukanandimvera tsiku lomwe lija, bwenzi atataya a mwezi umodzi wokha."

"Ndi zoona, alamu."

"Sindikukufunsani ayi. Ndikukuuzani."

Ndinaima pomwepo chipewa chili m'manja. Mawu opepesa ndinali nditawakonza m'njira monse, koma ndisanawayambe panafika mayi wina wofuna thalauza la mwana wasukulu. Alamu anatsitsa mwendo uja pang'onopang'ono, n'kudzuka atagwirira benchi.

"Tasunthani pang'ono, alamu," anatero. "Mwatchinga katundu."

Ndinasuntha.