Choko cha Lopeti ndi Nkhumba Yanga

Lopeti, mwana wa mkulu wanga, anabadwa ndi nthenda ya uphunzitsi. Ali kamwana ankandandalika makoko a kokonati pamchenga n'kumawakalipira kuti abwera osasamba. Ine sukulu ndinasiyana nayo ndili kalasi yachinayi, titagwirizana kuti tisavutitsane, ndiye ndinkangomuseka. Koma mnyamatayu anapitadi ku koleji ya aphunzitsi kuchilumba chachikulu cha Tongatapu.

Chaka chomaliza anamutumiza kukayeserera kuphunzitsa, ndipo tsoka linamuponya kwathu konkuno kuzilumba za Ha'apai, pasukulu ya m'mudzi mwathu. Akanalephera apa, satifiketi panalibe, kunali kukathyola zipatso ku Australia ngati anzake.

M'kalasi mwake munali Heilala, kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi, mwana wa mlongo wathu Kalolaine. Kwa Lopeti, Kalolaine ndi azakhali, ndipo kuno azakhali ndi ana awo amakhala pamwamba pako mpaka kumanda. Suwatuma, suwakalipira, akafuna chako amangotenga. Ine malume ake a Heilala ndikudziwa bwino, wailesi yanga ikulira kwawo.

Kamtsikanako kanayamba ndi cholembera chofiira cha aphunzitsi. Kenako chinangwa ndi nsomba zomwe anatengera nkhomaliro. Pamapeto pake kanafika pomuitana phunziro lili mkati: "Lopeti, ndamva ludzu, kandithyolere kokonati." Ana ena ataona zimenezi, kalasi inasanduka msika.

Madzulo Lopeti ankabwera kumene timamwera kava, chakumwa chathu cha mizu, nkhope ili ndwii.

"Aphunzitsi afika, apatseni malo!" ndinkatero ine. "Lero mwaphunzitsa kapena mwatumidwa?"

"Bambo aang'ono, musandiseke. Ndimakonza phunziro mpaka maso kuwawa, zithunzi ndajambula, nyimbo ndapeka. Ndikangoti khalani chete, ana onse amayamba ayang'ana Heilala. Ku koleji anatiphunzitsa za mwana waulesi, za mwana wamanyazi. Za mwana amene ndi bwana wako, ngakhale tsamba limodzi."

"Kawauze amayi ake."

"Ndinapita. Ndinakhala pansi pakhomo mpaka miyendo dzanzi. Akuti, si msuweni wako ameneyu, mupirire. Pochoka anandilandanso ambulera."

Tinaseka mpaka kutsamwa. Iye sanaseke. "Mwanayu satha kuwerenga," anatero. "Chipongwe chonsechi n'chobisira zimenezo, ndipo pabanja pathu palibe amene angamuuze."

Tsiku la mayeso, Mayi Lesieli a ku koleji anafika pa boti kudzaonera phunziro lake. Ine ndinkatchetcha udzu pansi pa zenera la kalasiyo, ngakhale unali wotchetchatchetcha kale. Lopeti anamanga m'chiuno kamkeka kake ka kutchalitchi, monga timavalira kuno posonyeza ulemu. Zinkayenda bwino, ana akuwerenga pabolodi mmodzimmodzi. Basi Heilala nyamu, n'kukamuchotsa choko m'manja.

"Ichi ndachikonda."

Ana kuseka. Mayi Lesieli cholembera chili m'malere. Lopeti thukuta kamukamu, ndipo ine ndinayamba kale kumuona ali pamakwerero m'munda wa malalanje.

"Heilala, bweza chokocho," anatero Lopeti. "Ima apa, uwerenge mzere uwu."

"Ukundituma ine?"

"Kunyumba udzatenge ngakhale nsapato zangazi. Muno ndine mphunzitsi wako. Werenga."

Mwana anayang'ana bolodi, anatchula zilembo ziwiri, chachitatu chinamukanika. Anataya choko, n'kuthamangira kwa amayi ake akulira.

Ana atatuluka, Mayi Lesieli anafunsa, "Ameneyu ndi ndani wako?"

"Mwana wa azakhali anga, mayi."

Anapumira m'mwamba. "Wakhoza, koma pang'onong'ono. Mwana salizidwa pamaso pa anzake, ulikumbukire limenelo. Nanga nkhumba uli nayo?"

Analibe. Amene anali nayo ndine. Nkhumba yanga yonenepa ija, yomwe ndinkaisungira Khirisimasi, tinaiwotcha, tinavala masamba m'khosi monga mwa mwambo, n'kupita chowerama kukapepesa kwa Kalolaine. Mlongo wanga anatiyanika padzuwa mpaka dazi langa kupsa, ndiye kenako n'kulandira. Ine ngakhale khutu lokha sindinalaweko.

Masiku ano Heilala amabwera kwa Lopeti akaweruka. Amatenga buku pashelefu osapempha, monga amatengera zonse, n'kulamula: "Lopeti, khala apa, undiwerengetse." Iye amang'ung'udza kuti sanapume, sanadye, zolemba za ana makumi atatu zikumudikira, koma amakhala. Dzana ndinamva kamtsikanako kakumaliza tsamba lathunthu, mphunzitsi wake akupukuta m'maso, akuti ndi utsi.

Satifiketi inabwera, ndipo boma lamupatsa sukulu yomweyi. Kalolaine ali ndi ana enanso atatu amene sanayambe sukulu. Tiana ta nkhumba tomwe tinatsala ndakatisungitsa kwa apongozi, kutsidya kwa nyanja.