Kumene Bambo Ankapita pa Tchuthi

Mwaswera bwanji nonse.

Masana ano kwabwera mayi ena a ku Golomoti kuno ku Mtakataka, akufuna kuona manda a bambo.

Mukukumbuka zaka za m'ma 80, sukulu ikatsekera, bambo ankanyamula mabuku a Chingelezi n'kutiuza kuti akupita ku maphunziro a aphunzitsi? Mayiwa akuti, "Tchuthi chilichonse ankakhala kwathu. Ndine mwana wawo."

Andionetsa kope lawo lakale, lochongedwa ndi bolopeni yofiira. Kalembedweko ndi ka bambo ndithu. Pansi analembapo kuti "Wakhoza, mwana wanga." Ine sanandilemberepo choncho.

Mutu wanga sukugwira. Amayi ali kumpunga, sakudziwa kanthu, ndipo alendowa akhala pakhonde. Achimwene, ndiwaperekeze kumanda, kapena ndiyambe ndauza amayi?