Ndere za pa Chiliza cha Suzhen

A Ran Defu ndinayamba kuwadziwa chaka chimene boma linatitsitsa m'phiri kuti nkhalango itsalire zimbalangondo za panda. Ife tinasamuka, manda anatsala komweko. Pa tsiku losesa manda ndinakwera ndekha, ndipo ndinapeza a Ran Defu, bambo wowerama msana, akupala chiliza cha malemu amuna anga ndi supuni yakale.

"Musadabwe, alamu," anatero osacheuka. "Ndamaliza cha akazi anga, ndiye ndere za apa zimandiyang'ana."

Manyazi anandigwira. Koma kuyambira pamenepo tinkakwera limodzi chaka chilichonse.

Ntchito yawo inali yodula nsungwi ndi kusenza mitolo kupita nayo kumene amasungira zimbalangondo zija kuti zidye. Chikondi nazo analibe.

"Chinyama chimenechi chimadya chili khale ngati bwana," ankadandaula tikamapuma panjira. "Anachipatsa phiri lonse, alonda, madokotala, koma kuti chibereke mpaka achinyengerere. Nanga ndere anazipatsa chiyani? Kamwala konyowa basi. Koma taonani, zikundidyera dzina la Suzhen."

Mantha awo anali amenewo. Chiliza cha akazi awo chinali cha mwala wofewa, zilembo zake zosazama. Ankati dzina likafufutika, Suzhen afa kachiwiri. Mwana wawo yekhayo ali kutali ku Guangdong, sabwera.

Kenaka mawondo anayamba kuwakana.

"Madala, lero tikunyamuleni pamachira?" mlonda wa pachipata cha nkhalango anawaseka chaka chino.

"Kanyamuleni bwana wanu wamimbayo," anamubwezera.

Koma titafika pamlatho anakhala pansi, thukuta lili kamukamu. Anandipatsa supuni ija, ine n'kupitirira ndekha.

Kumanda ndinagwada kuti ndipale chiliza cha Suzhen. Nditangokhudza, mwala unayamba kunyenyeka ngati mchere. Supuni yawo yomweyo inali itaudya zaka zonsezi. Dzina linkawerengekabe pa chifukwa chimodzi: ndere zinamera motsata timizere totsala, zilembo zonse zili biriwiri. Ndinangoyatsa zofukiza, n'kutsika.

Nditawapeza pamlatho paja, ndinawauza zonse maso ali pansi. Anamvetsera akusisita bondo. Sabata yotsatira mwana wawo anawatumizira galimoto yodzawatenga, ndipo sitinalankhulanenso. Mawu awo omaliza kwa ine ndi a pamlatho paja:

"Zisiyeni, alamu. Ife anatitsitsa, chinyama chija chimangodutsa. Otsala naye Suzhen ndi nderezo."