Mzere wa Madzi Lachiwiri ndi Lachinayi

Mkazi wanga atamwalira, mwana wathu wamkazi ndiye ankatunga madzi. Tinkakhala ku komboni ya George, ndipo kiyosiki ya madzi inali kuseri kwa bala. Tsiku lina anabwera ndi chigubu chopanda kanthu, bulauzi itang'ambika paphewa. Anati anyamata a pabala anamukoka. Ndinamufunsa ngati wavulala, iye anati ayi. Sindinapite kukawafuna. Masiku amenewo mumtima mwanga munalibe kanthu.

Pambuyo pake mwanayo anati akufuna kuphunzira karate.

Ndinakaona malo awiri. Oyamba anali pafupi ndi Kamwala, kumene ndimagwira ntchito m'sitolo. Pansi anayala zofewa, koma panafunika basi popita ndi pobwera, yunifomu yogula kwa iwo okha, ndi malipiro a mayeso pa lamba aliyense. Achiwiri anali ku Matero, m'holo ya tchalitchi, pasimenti. Mtengo unali wotsika, ndipo mwana akanatha kuyenda wapansi. Mphunzitsi wake anali makanika.

"Yunifomu azagula pasogolo," anatero makanikayo. "Koma asachedwe. Tiyamba sikisitini awazi, pa Chibili na pa Chinayi."

Ndinasankha ku Matero, poganiza kuti ndalingalira zonse. Za madzi sindinaziganize, popeza sindinatungepo. Kwathu madzi amabwera masana, kiyosiki n'kutseka dzuwa lisanalowe. M'mawa mwana ali kusukulu. Nthawi ya karate, folo koloko madzulo, inali nthawi yomweyo ya mzere wa madzi.

Lachiwiri ndinapempha kuweruka msanga kuti ndimuperekeze. Ndinamupeza pakhomo, nsapato ali nazo kumapazi, zigubu m'manja, poti m'nyumba madzi anali atatha.

"Nizaleka chabe, badadi," anatero. "Manzi yasila."

Ndinamulanda zigubuzo n'kumuuza kuti apite.

Pamzere panali amayi okhaokha ndi ana.

"Ba neba, mwasoba?" anatero mayi wina wogulitsa tomato. "Uyu ni mzere wa manzi. Mowa ni kuja."

"Kwatilani chabe, muzathyoka msana!" anatero wina.

Anaseka, kenaka anakumbukira maliro aja n'kuleka. Wina anakankhira zigubu zanga kutsogolo ndi phazi. Anyamata a pabala ankandiyang'ana. Sindinadziwe kuti mwa iwo ndani anang'amba bulauzi. Manyazi sindinamve, mkwiyo ayi. Ndinangomva zogwirira za zigubu zikudula zala.

Mwana anabwera kusanade, mawondo atanyuka ndi simenti. Anasamba, nachapa sikipa yake m'madzi amene ndinatunga. Sindinamufunse ngati mantha achepa.

M'mawa mwake ndinauza abwana kuti masiku awiri pa sabata ndiziweruka masana. Anati azindidula malipiro. Ndinavomera.

Lachinayi ndinatenganso zigubu. Mayi wa tomato anali atandisungira malo ndi mwala.