Mkazi Mnzawo wa Amayi

Valavu ija inali yagalasi, yaikulu ngati botolo la mafuta odzola, yovala kachipewa kachitsulo. Ikayaka inkafiira m'kati, fumbi la pamwamba pake n'kumanunkha kupserera. Mpaka lero fungo la simbi yotentha limandidzutsira mkwiyo wa chaka chimenecho.

Mugodi wa Kabwe utatsekedwa, atate, omwe ankagwira zamagetsi kumeneko, anafika kunyumba ku Kasanda akukankha wilibala. M'menemo munali bokosi lachitsulo limene bwana wina anawasiyira pochoka, ampulifaya ya wailesi yolankhulirana ndi anthu akutali. Ntchito yake inali kukuza mawu asanakwere mlongoti, ndipo valavu ija inali m'kati mwake. Analiika m'kashedi kuseri kwa nyumba, ndipo amayi analitcha mkazi mnzawo. Iwo ankanena moseka. Ine sindinkaseka ayi.

Kale atate akaweruka ankandikweza panjinga mpaka ku Katondo kukadya vitumbuwa. Tsopano njinga inaphwa matayala itatsamira khoma. Ndikawapititsira tiyi, mawu anali amodzimodzi: "Mama, usakhudze, magetsi awa amapha." Kenako n'kutenga hanki yawo ya kutchalitchi kupukutira valavu. Hanki ya ku Misa! Ine bondo linachita chilonda mpaka kupola, iwo osaliona. Ndinkaima pakhomo, fumbi lamtovu la ku mugodi limene amayi ankatiletsa kuseweramo likundiyabwa m'maso, n'kumamvera atate akuseka m'Chingelezi ndi bambo wina wa ku Botswana, pomwe pa nshima ankadya duu. Nsanje inkandidya, sindibisa.

Komanso bokosilo linali lamwano. Atate akangoyamba kulankhula, linkalira kuti tswiii, singano yoonetsa mphamvu n'kulumpha, valavu n'kufiira ngati khala. Aneba ankakalipa m'Chibemba kuseri kwa mpanda kuti tawasokonezera mpira pa wailesi. Wa ku Botswana uja ankangoti sakumva, kenako zii.

"Ikudzimva yokha," atate ankatero. "Mawu otuluka akubwereranso kolowera, ndiye ikupenga."

Ine ndinkakondwa. Ku Misa ndinkapempha kuti iphulike basi. Koma tsiku lina amayi, pondiluka tsitsi, anati, "Ikachira, atate ako adzatulukamo m'shedimo." Ndinatembenuza pemphero Lamlungu lomwelo.

Masana ena otentha, mvula isanayambe, atate anatuluka atafumbata kanthu. Kanali karezisita, kochepa ngati njere ya nyemba, ka mizere yamitundu. Anati akalumikiza ku kathodi, mwendo wa valavu kumene mphamvu imadzukira.

"Mphamvu ikafuna kulumpha, aka kaziikokera pansi. Mawu achepako pang'ono, koma sidzakuwanso."

Nditakula ndinadzamva kuti akatswiri amachitadi zimenezi, kulola valavu kuti izidzibweza yokha, kutaya ukali kuti ikhazikike. Panthawiyo ndinangoona kuti ngakhale kanjere kameneko ankakagwira mwaulemu kuposa mmene ankagwirira dzanja langa.

Zinathekadi. Singano inakwera bwinobwino n'kuima nji. Valavu inangowala mofatsa. Mawu a ku Botswana anamveka ngati munthu ali pakhonde, ndipo anakambirana nthawi yaitali, osaseka konse. Atatha, atate anafunditsa bokosi chitenje, kutseka shedi ndi loko, n'kuyamba kupopa njinga.

"Kwera, mama."

Mayo ine, chimwemwe chake! Ndinaitulutsira lilime shedi ija podutsa. Ku Katondo ndinadya vitumbuwa mpaka mafuta kuchucha m'zigongono. Atate anaona chipsera cha pabondo n'kufunsa kuti ndinagwa liti. Mawa lake tinapitanso, mkucha wakenso. Ndinkauza anzanga kusukulu kuti mkazi mnzawo wa amayi tamuthamangitsa.

Zimene bambo wa ku Botswana uja ankayesa kunena nyengo yonseyo, bokosi likumudula pakamwa, zinali zoti ku mugodi wa kwawo kukufunika munthu wamagetsi. Atate anakwera sitima mvula yoyamba itagwa, ndipo anadzabwera kudzationa ine nditatha kale msinkhu wokwezedwa panjinga.

Koma sabata ya vitumbuwa ija ndinali mfumukazi. Ndinkafika kunyumba milomo ili noninoni, n'kupeza amayi akusita malaya a atate, onse, ngakhale a ntchito amene anali atasiya kuvala. Sankaimba monga mwa masiku onse. Ndinawanyadira kuti, "Amayi, tapambana!" Iwo anangoti ndikasambe m'manja ndisadetse zovala, ndipo ndinadabwa kuti sutukesi yatsitsidwiranji pamwamba pa kabati.