Diso lotsala la a Belita

Pofika 6 koloko m'mawa a Belita amakhala atayamba kale kusankha mpunga pakhonde, lichero lili pamiyendo. Timiyala amatipeza ndi zala. Ndi aneba anga kuno kufupi ndi nyanja ya Chilwa, ndipo akalambira kudambo, kulima mpunga.

Diso lawo lakumanja linafa kalekale. Chaka chimenecho kutchalitchi analengeza kuti kubwera madokotala a maso kudzaona anthu mwaulere. Tsikulo lisanakwane, pamsika panatulukira bambo wina panjinga yamoto, atavala zoyera. Anthu anangoti ndi omwe aja, afulumira. Palibe anamufunsa dzina. A Belita anakhala nawo pamzere, bamboyo anawathira m'diso mankhwala otentha ngati tsabola. Madokotala enieniwo pofika, anapeza diso litaonongeka kale.

Mpaka lero amati diso lakufalo limaonabe chinthu chimodzi, malaya oyera aja akuwaweramira. Nthawi zina amasiya lichero n'kundifunsa, "Waima pansi pa mangopo ndani?" Ine kuyang'ana, palibe munthu.

Pano lamanzere lachita ng'ala. Mwana wawo Dyson, amene ali ku Blantyre, anawalembetsa pa inshuwalansi ya kuntchito kwake, koma mpata alibe, ndiye zofufuza anandisiyira ine. Ndinaimba foni. Chipatala china chinati inshuwalansi imeneyo salandira, china chinavomera. Dzina la dokotala wakeyo ndinapita nalo kwa anamwino a pachipatala chathu chaching'ono, iwo anafunsa kubungwe lolembetsa madokotala. Akuti alimo m'kaundula, ndipo ndi wa maso ndithu.

Dzulo ndinapita kukawauza a Belita kuti dokotalayo adzawaona Lolemba, khanda langa Eveles lili kumsana.

"Iweyo wamuona?" anandifunsa.

"Ayi amayi, koma kuboma akumudziwa."

"Ujanso tinkati ndi wa boma. Nanga akandilowera atavala zoyera?"

"Ndidzamuuza avule."

"Mwano iwe," anaseka pang'ono, koma zala zinali zitaima m'lichero.

Ndinawauza zoona, monga anandifotokozera anamwino: mukapanda kupita, lotsalali litseka lokha. A Belita anakhotetsera nkhope kumtengo wa mango.

"Ndipita," anatero. "Koma Lolembalo, tisanakwere minibasi, udzabwere naye mwanayo panja pano dzuwa litawala. Udzamutsitse kumsana, udzandiyandikizire kumaso kuno. Ndidzayambe ndamuyang'ana bwinobwino."